Kusaka abakha ndi atsekwe m'matope a ku Britain, ndi chifukwa chake Sepitembala amavuta

Pa 1 Sepitembala chaka chilichonse, kunja kukadali kachisisira ka m'mawa, m'magombe ena a ku England, Wales ndi Scotland mumayamba kumveka mfuti. Anzathu amene mukukhala cha ku Lincolnshire, Norfolk kapena Essex kufupi ndi nyanja mwina munamvapo kuphulikako nkumadabwa kuti kwagwanji, ayi musaope, limenelo ndi tsiku lotsegulira sizoni yosaka abakha ndi atsekwe akutchire. Eni ake amati wildfowling. Ndipo masabata oyambawa ndi amene ndikufuna tiwaone bwino, chifukwa munthu wongoonera patali amaganiza kuti ndi nthawi yophweka, kunja nkofunda, dzuwa likutuluka cha m'ma 6 koloko, chisanu sichinafike, koma alenje enieni amadziwa kuti mwezi umenewu ndi umene munthu amalakwitsa mosavuta, kaya kuombera mbalame yoletsedwa kaya kutsekeredwa ndi madzi.

Poyamba tisasokoneze ndi kusaka kwa anthu achuma kuja, komwe mbalame za pheasant amachita kuweta, kuzidyetsa, kenako nkuzitulutsa kuti mabwana aziombera ataima pamzere anyamata akuwakusira. Uku nkwina. Mbalame zake palibe amene anaweta, palibe amazithirira chakudya, zimabwera zokha ndipo zikafuna sizibwera. Mlenje amapita yekha kapena awiri, ndi galu, nkukakhala m'matope maola angapo, ndipo nthawi zambiri amabwerako chimanjamanja osaombako ndi kamodzi komwe. Kalekale inali ntchito ya anthu osauka a m'mphepete mwa nyanja, asodzi amene nyengo yozizira ikafika ankapha mbalame nkumagulitsa kuti apeze ya chakudya, ndipo mpaka pano m'makalabu ambiri mumapezeka anthu wamba, amakaniki, alimi, oyendetsa malole.

Malo ake ndi amene amafunika kuwamvetsa kwambiri kwa ife amene tinakulira kutali ndi nyanja yamchere. Kumene mitsinje ikuluikulu imathira m'nyanja, monga ku The Wash, Humber, Solway Firth, Morecambe Bay, Dee ndi Severn, kuli madambo aakulu amchere. Ukachoka kuminda umakwera kaye chimpanda chadothi chimene anamanga kuti nyanja isamalowe m'minda, ukatsikira mbali inayo ndiye dambo layamba, lathyathyathya mpaka kumene maso alekeza, lomera timaudzu tolimba mchere monga samphire kamene anthu amathyola nkudya, sea aster ndi udzu wa Spartina. Ukaliona uli pamwamba limaoneka ngati ungangoyenda molunjika, koma mkati mwake mwadzadza makwawa okhotakhota, ena ongolumpha ena akuya kuposa munthu, pansi pake matope oterera ngati phala la mgaiwa lozizira, ukaponda molakwika mwendo umalowa mpaka m'ntchafu ndipo pouzula jombo imatsala momwemo. Kupitirira udzuwo kuli matope okhaokha ndi mchenga, makilomita angapo, ndiye kumeneko nkumene mbalame zimagona chifukwa nkhandwe sizifikako mosavuta ndipo zimaona mdani akadali patali.

Tsopano madzi. Nyanja yamchere simakhala malo amodzi, imadzadza nkuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa, ndipo kuchokera pamene yadzadza kufika podzadzanso pamadutsa maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, kutanthauza kuti nthawi yake imasuntha tsiku ndi tsiku, lero ikadzadza 6 koloko mawa idzadza cha m'ma 10 minitsi kuti ikwane 7. Kukwera kwake sikufanananso. Masiku angapo mwezi ukangokhala kapena ukakhala wathunthu madzi amakwera kwambiri, ndipo kukwera kopambana konse kumachitika cha mu Malichi ndi mu Sepitembala pamene usana ndi usiku zimalingana. Mwaona pamenepo, sizoni imatsegulidwa m'mwezi womwewo umene nyanja imalusa. Ku Severn madzi amatha kukwera mamita opitirira 12 pakati pa kuphwa ndi kudzadza, ku Morecambe Bay cha m'ma 10.

Choopsa chenicheni nchakuti madziwo sabwera kutsogolo kwako ukuwaona ayi. Amayamba alowa m'makwawa muja mwakachetechete, nkuzungulira kumbuyo kwako, iwe maso ali kumwamba kudikira abakha, pomatembenuka upeza kakhwawa kamene unalumpha pobwera kasanduka mtsinje wothamanga, ndiye kukakhalanso chifunga basi sudziwa kumtunda nkuti kunyanja nkuti. Amene amakumbukira ngozi ya pa 5 Febuluwale 2004 ku Morecambe Bay, pamene anthu osachepera 21 ochokera ku China amene ankatola nkhono za m'nyanja usiku anamira, akudziwa zimene ndikunena. Sanali alenje iwo aja, koma madzi ake ndi omwewo, ndipo imandiwawa nkhani imeneyo chifukwa anali anthu obwera kudzafuna ganyu amene anatumizidwa kumalo osawadziwa. Nchifukwa chake mlenje wanzeru asanagwire mfuti amayamba waona kabuku ka nthawi za madzi, amanyamula kampasi, tochi, wenzulo ndi ndodo yoyesera matope, foni amaikulunga mupulasitiki, ndipo amauza wina kunyumba kumene wapita ndi nthawi yobwerera. Zikavuta amaimba 999 nkupempha a coastguard, opulumutsa anthu panyanja. Mphepo yamphamvu yochokera kunyanja imathanso kukankha madzi kuti afike msanga ndi kukwera kuposa zimene kabukuko kanena, ndiye olo kabukuko sikokhulupirira ndi mtima wonse.

Lamulo limene limayendetsa zonsezi ndi Wildlife and Countryside Act la 1981. Limati abakha ndi atsekwe ololedwa ungawaombere kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 31 Januwale ukakhala kumtunda, koma ukakhala kumunsi kwa mzere umene madzi amalekeza akadzadza kwambiri, sizoni imapitirira mpaka pa 20 Febuluwale. Ku Northern Ireland ali ndi lamulo lawolawo ndipo amatsekera pa 31 Januwale ponseponse. Ku Scotland Lamulungu ndi pa Khirisimasi saomba, ndipo ku England ndi Wales kuli madera ena monga Norfolk, Cornwall ndi Devon kumene Lamulungu nkoletsedwanso. Miyezi yotsalayo ndi yoti mbalame ziikire, ziswe, zilere ana. Lamulo lomwelo limaletsa kuitana mbalame ndi mawu ojambulidwa pamakina, kumangirira mbalame yamoyo kuti ikope zinzake, kuzithamangitsa ndi boti la injini, komanso mfuti yodzitchera yokha yonyamula zipolopolo zopitirira ziwiri m'thumba mwake. Zololedwa ndi zidole za abakha zapulasitiki zoyandama ndi kachitoliro koimba ndi pakamwa.

Ndipo sikuti aliyense angangodzuka nkupita. Mfuti yake, ya mtundu wa shotigani, imafuna satifiketi yochokera kupolisi, amakufufuza mbiri yako, za umoyo wako kwa dokotala, amabwera kudzaona kabati yachitsulo yosungiramo, ndipo satifiketiyo imatha pakapita zaka 5. Ukaipeza mpofunikanso chilolezo cha malo. Pafupifupi theka la magombe a dzikolo ali m'manja mwa Crown Estate, bungwe loyang'anira malo a ufumu, ena ndi a anthu, makhonsolo ndi mabungwe, ndiye ku England ndi Wales njira yodziwika ndi kulowa kalabu imene inachita lendi dambolo kapena inagula. Makalabu ambiri salola membala watsopano kuyenda yekha, amamupatsa munthu wakale woti aziyenda naye sizoni yoyamba, amuonetse powolokera, amuyese ngati amadziwa mbalame. Ku Scotland nkosiyana, anthu ali ndi ufulu wakalekale wosaka pagombe kumunsi kwa mzere wa madzi uja kupatula malo otetezedwa amene amafuna pemiti, ndipo ichi nchifukwa chake ambiri a ku England amakwera ulendo wa ku Solway.

Nanga mu Sepitembala kumakhala mbalame zanji? Apa mpamene pali nkhani. Mbalame zambirimbiri zimene zimadzadza magombewa nyengo yozizira zimakhala zisanafike, zikadali kwawo kumpoto. Zimene mlenje amapeza pa tsiku loyamba ndi za pompo, abakha a mallard amene aswa m'madambo ndi m'maiwe apafupi, timagulu toyamba ta teal, kabakha kakang'ono kolemera magalamu 300 ndi kakuti koma kothamanga ndi kokhota modabwitsa, ndi atsekwe awiri okhala komweko chaka chonse, greylag ndi Canada. Tsekwe wa Canada si mbadwa, anabwera naye m'zaka za m'ma 1600 kudzakongoletsa mapaki a mafumu ku London ndipo pano wachuluka mpaka kusowetsa mtendere alimi. Greylag anali atatha m'madera ambiri a ku England, ndipo ena mwa amene anamubwezeretsa cha m'ma 1960 anali alenje omwewa kudzera m'makalabu awo. Nthawi imeneyi alimi angokolola kumene tirigu ndi balere, ndiye mbalamezi zimakhala zikudya njere zogwera m'ziputu, zonenepa, nyama yake yokoma kuposa ya mu Januwale pamene zimadya za m'matope.

Mwezi ukafika pakati ndiye alendo amayamba. Atsekwe a pink-footed amachoka ku Iceland ndi kum'mawa kwa Greenland nkuwoloka nyanja, amatera kaye ku Scotland malo ngati Loch of Strathbeg ndi Montrose Basin, kumene mu Okutobala amasonkhana masauzande makumi angapo malo amodzi, kenako ena amatsikira ku Lancashire ndi ku Norfolk. Cha m'ma 1950 analipo pafupifupi 30,000 okha, pano ali cha m'ma theka la miliyoni, ndipo zimene zawathandiza ndi malo ogona otetezedwa, kuletsa kugulitsa nyama yawo, ndi zakudya za m'minda monga zotsalira za mbatata ndi za sugar beet. Abakha a wigeon, amene aamuna ake amaimba likhweru lomveka patali usiku, amachokera ku Iceland, Scandinavia ndi Russia ndipo amachuluka kuyambira kumapeto kwa Sepitembala kulowa mu Okutobala. Bakha wa pintail nayenso chimodzimodzi. Ndiye kunena zoona masabata awiri oyamba dambo limakhala lopanda zambiri, ndipo alenje ena akale safuna nkomwe kutuluka mpaka atamva kulira kwa atsekwe oyamba.

Vuto lalikulu la nthawi imeneyi ndi kuzindikira chimene ukuombera. Abakha aamuna amene timawaona pazithunzi ali ndi mutu wobiriwira wonyezimira, m'chilimwe cha kumeneko amayoyoka nthenga zokongolazo nkumera zofiirira zosaoneka bwino, mpaka kwa kanthawi amalephera kuuluka chifukwa nthenga za m'mapiko zimathothoka pamodzi. Pofika Sepitembala ambiri amakhala asanabwerere mwakale, ndiye wamwamuna, wamkazi ndi mwana wa chaka chomwecho onse amaoneka ofanana, kuwonjezera apo ukuwaona mumdima, akudutsa mwaliwiro, kwa masekondi awiri kapena atatu. Mtundu wa nthenga suthandiza. Mlenje amayenera kudziwa mbalame ndi kaumbidwe kake, kutalika kwa khosi, kakupizidwe ka mapiko ndi kulira kwake. Ndipo zoletsedwa zili pomwepo pakati pa zololedwa. Shelduck, bakha wamkulu amene amakonda matope omwewa, ndi wotetezedwa, ndipo ana ake mu Sepitembala amakhala otuwa osafanana ndi makolo awo. Atsekwe a brent ndi barnacle ndi otetezedwa. Curlew, wa mlomo wautali wopindika uja, anachotsedwa pa mndandanda wa zosakidwa mu 1981. Swan, chimbalame chachikulu choyera cha khosi lalitali, ndiye musayerekeze nkomwe.

Koma kamene kamavuta kwambiri ndi garganey. Kabakha aka kamafanana zedi ndi teal pa msinkhu ndi maonekedwe nthawi imeneyi, koma nkotetezedwa mwapadera chifukwa timene timaswa ku Britain ntochepa kwambiri. Ndipo iko kamachita zosemphana ndi anzake, pamene ena akubwera kudzathawa chisanu cha kumpoto iko kamakhala kakunyamuka kupita ku Africa, kumadambo a kumwera kwa Sahara, ndiye mu Sepitembala timakhala tikadalipo tina tochedwa titasakanikirana ndi ma teal. Pofika Novembala vuto limeneli kulibe. Palinso ana a mallard oswedwa mochedwa amene pa 1 Sepitembala amakhala angoyamba kumene kuuluka, mapiko osakhwima, osadziwa kuopa munthu. Lamulo silikuletsa kuwaombera, koma kwa ine kuombera kamwana kotere si ulenje, ndipo makalabu abwino amauza anthu awo kuti azisiye zikule. Mawu amene amabwerezedwa kwa wophunzira aliyense ndi amodzi, ngati sukudziwa chimene chikubwera usakweze mfuti.

Tsiku lake limayenda motere. Munthu amadzuka cha m'ma 3 koloko, amasiya galimoto kuseri kwa chimpanda chija, amavala majombo ofika m'chiuno kapena pachifuwa, chikwama kumsana, mfuti ili m'thumba lake yopanda chipolopolo, galu pambali. Amayenda mwina theka la ola kapena ola lathunthu mumdima, tochi osayatsayatsa kuopa kudzidzimutsa mbalame ndi kukwiyitsa anzake amene afika kale, mpaka apeze khwawa limene analiona masana masiku apitawo kuti mbalame zimadutsa pamenepo. Amatsikira m'khwawamo, kukhala pachikwama, mutu wokha uli pa mulingo wa udzu, ena amadzipaka matope kumaso chifukwa nkhope yowala mbalame imaiona patali. Mu Sepitembala mdani woyamba ndi udzudzu ndi tintchentche toluma, timalowa m'makutu ndi m'khosi iwe osaloledwa kugwedezeka, thukuta la ulendo uja likuzizira pamsana. Kenako kum'mawa kumayamba kuyera, zoyamba kulira ndi redshank ndi curlew, mbalame za gull zimadutsa mwaulesi, ndiye mwadzidzidzi umangomva mapiko fyuu pamwamba pa mutu, ma teal adutsa kale usanakweze nkomwe mfuti. Galu amanjenjemera koma sasuntha. Mphindi 30 kapena 40 zokha ndiye zonse zatha, kwacha, chilichonse chikuuluka patali.

Chifukwa chosankhira nthawi imeneyi nchakuti mbalamezi zili ndi ndandanda yake. Atsekwe amagona pamchenga kunyanja, m'mawa amanyamuka kupita kuminda kukadya, madzulo nkubwerera. Abakha ambiri amachita mosemphanitsa, masana amapuma pamadzi, chisisira chikagwa amapita kukadya kumaiwe ndi kuminda, mbandakucha amabwerera. Mlenje amangofuna kukhala pansi pa njira yawo. Palinso kusaka kotsata madzi, pamene nyanja ikudzadza imakankha abakha kuchoka pamatope ndiye munthu amaika zidole zake m'khwawa nkumadikira, koma kumeneku nkumene kumafuna kudziwa bwino njira yothawira. Mwezi ukawala mbalame zimasintha, zimadya usiku, ndandanda yonse ija imasokonekera.

Nyengo yabwino kwa anthu ena onse ndi yoipa kwa mlenje. Kukakhala bata, kumwamba koyera, mbalame zimauluka pamwamba kwambiri, ndipo Sepitembala masiku ambiri amakhala otero. Chimene chimazitsitsa ndi chimphepo ndi mvula. Shotigani imapha bwino pa mtunda wa mamita 30 mpaka 35, mwina 40 kwa katswiri wa mfuti yaikulu, kupitirira apo ukungolasa. Ichi ndiye chimandinyansa kwambiri pa nkhani yonseyi, munthu wadikira miyezi isanu ndi umodzi, wadzuka usiku, atsekwe akudutsa mamita 70 kumwamba ndiye mtima umamukanika nkuomba basi. Tsekweyo sagwa, amapita ndi tizitsulo m'thupi nkukafera kwina patapita masiku, kapena kukhala wolumala. Ofufuza akhala akuunika atsekwe amoyo ndi makina a X-ray nkupeza ambiri ndithu ali ndi tizipolopolo m'minofu. Makalabu amalanga khalidwe limeneli mpaka kuchotsa munthu, ndipo akuchita bwino. Galu nayenso si wokongoletsa ayi, labrador kapena spaniel wophunzitsidwa ndi amene amatola mbalame yagwera tsidya la khwawa kapena m'madzi othamanga, ndipo kupita wopanda galu ndiye kuti zina zimene waombera uzisiya zikuvutika.

Ikagwa mbalame ntchito sinathe. Kutentha kwa Sepitembala kumawononga nyama msanga, ntchentche zobiriwira zimaikira mazira pomwepo, ndiye suiponya m'chikwama chapulasitiki nkuisiya m'galimoto, umaipachika pamphepo, kufika kunyumba kusosola, kutumbula, mufiliji. Zoipachika masiku angapo kuti ifewe ndi za miyezi yozizira. Abakha ena monga mallard, teal ndi wigeon amaloledwa kugulitsidwa nthawi ya sizoni, koma atsekwe akutchire akufa kugulitsa nkoletsedwa, kupatula greylag ku Scotland kumene boma linapereka chilolezo chifukwa achuluka mpaka kuwononga mbewu ku zilumba za Orkney. Ndiye amene wapha tsekwe adye yekha kapena agawire anzake, ndipo zimenezi zokha zimachepetsa dyera chifukwa palibe phindu lopha khumi.

Nkhani ina yaikulu ndi ya mtovu. Kwa zaka mazana tizipolopolo ta shotigani tinkapangidwa ndi mtovu, ndipo katiriji imodzi imamwaza timibulu mazana, tambiri timagwera m'matope. Abakha alibe mano, amameza timiyala kuti tizipera chakudya m'nthutumba, ndiye amatola timibulu tija poyesa timiyala, timaperekeka m'mimba, poizoni nkulowa m'magazi, mbalame imafooka, mapiko kugwa, kuonda mpaka kufa. Asayansi anayerekeza kuti ku UK mbalame za m'madzi pakati pa 50,000 ndi 100,000 zimafa chaka chilichonse mwa njira imeneyi. England inaletsa mtovu pagombe ndi poombera abakha ndi atsekwe mu 1999, Wales mu 2002, Scotland ndi Northern Ireland anatsatira ndi malamulo awo oletsa m'madambo. Alenje a m'gombe anasamukira ku timibulu tachitsulo, bismuth ndi tungsten kalekale, ngakhale poyamba ankadandaula kuti chitsulo nchopepuka ndipo chimawononga mfuti zakale. Kumene lamuloli lakhala likuphwanyidwa kwambiri ndi kumtunda, pofufuza abakha ogulitsidwa m'mashopu ankapeza ambiri anaphedwa ndi mtovu womwewo. Mu 2025 boma linalengeza kuti lithetsa zipolopolo za mtovu pafupifupi pa kusaka konse patapita zaka zochepa zokonzekera, ndipo ine ndikuona kuti linachedwa.

Kuti zinthu zifike pa dongosolo limeneli panali anthu. Mu 1908 Stanley Duncan, injiniya wa ku Hull amene ankasaka ku Humber, anayambitsa bungwe la alenje a mbalame za m'madzi lotchedwa WAGBI ataona kuti madambo akuumitsidwa kusanduka minda ndipo alenje osauka akutsekeredwa kunja. Bungwe lomwelo mu 1981 linasintha dzina kukhala BASC, ndipo makalabu ambiri ali pansi pake. Wina ndi Peter Scott, mwana wa Robert Falcon Scott amene anafera ku Antarctica. Ali mnyamata anali mlenje wotentheka wa atsekwe ku The Wash, ankakhala m'nyumba ya nyali yowongolera zombo pamathiriro a mtsinje wa Nene, koma pambuyo pake anasiya mfuti. Mu 1946 anayambitsa malo osamalira mbalame ku Slimbridge m'mbali mwa Severn, amene anabala bungwe losamalira mbalame za m'madzi ndi madambo la WWT, ndipo analinso m'gulu loyambitsa bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la WWF mu 1961. Anthu awiriwa akuonetsa kuti osaka ndi oteteza anachokera m'matope amodzi, ngakhale lero amakokanakokana.

Mkangano wake ndi weniweni ndipo sindikufuna kuupeputsa. Otsutsa amati kupha nyama pofuna chisangalalo nkulakwa basi, ena amati vuto si zophedwa zokha koma phokoso, mfuti ikalira mbalame masauzande zimadzuka, kuphatikizapo zosasakidwa, nkutaya mphamvu zimene zikufunika pambuyo pa ulendo wautali. Kumayambiriro kwa sizoni mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, chifukwa gulu la atsekwe likangofika nkulandiridwa ndi mfuti pogona pake limatha kusamukiratu. Alenje amayankha kuti amapha zochepa, amadya zimene apha, ndipo makalabu awo agula ndi kusunga madambo amene bwenzi pano ali minda kapena mafakitale, amakhazikitsa mbali zina zosaomberako, amaika malire a mbalame zimene munthu angaphe pa ulendo umodzi. Poti magombe ambiriwa ndi malo otetezedwa ndi lamulo, kalabu imayenera kupeza chilolezo ku Natural England, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe, kapena mabungwe ofanana nalo ku Wales ndi Scotland, ndipo membala aliyense amalemba maulendo ake ndi zimene wapha nkupereka kumapeto kwa sizoni. Ine mbali imene ndaima ndi yakuti ulenje wotere, wa munthu mmodzi wotenga abakha awiri okadya kunyumba, ndi wolungama kuposa nkhuku zambiri zimene timagula m'mashopu osafunsa mmene zinakulira, koma ukhale woona m'mabuku ake, ndipo masabata oyambawa azidziletsa kwambiri kuposa mmene lamulo likunenera.

Kwathu nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Nyanja ya Chilwa ili pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar la 1971, mndandanda womwewo umene pali The Wash, ndipo anthu a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe akhala akusaka mbalame za m'madzi kumeneko kuyambira kale, makamaka nsomba zikasowa ngati mmene zinakhalira nyanja itauma mu 1995. Kumenekonso kunakhazikitsidwa magulu a osaka mbalame oti azigwirizana za nthawi yotseka ndi malo osasakako. Kusiyana kwake nkwakuti wa ku Chilwa akusaka ndiwo ndi ndalama ya sopo ndi fizi, pamene wa ku Norfolk akabwerako chimanjamanja kunyumba adyabe, ndiye kumuuza woyambayo kuti adikire mbalame ziswe nkovuta kwambiri ngati palibe china chogwira.

Zimene zikusintha pano nzambiri. Chimfine cha mbalame cha H5N1 chinapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a atsekwe a barnacle ochokera ku Svalbard amene amakhala ku Solway, m'nyengo yozizira ya 2021 mpaka 2022, ndipo kuyambira pamenepo alenje amauzidwa kuti asagwire mbalame yodwala kapena yofa yokha, asalole galu kuitola, ndipo amene amaweta nkhuku kunyumba azitsuka majombo ndi zovala asanalowe m'khola. Kutentha kwa dziko nakonso kwasokoneza maulendo, atsekwe a white-fronted ochokera ku Russia amene kale ankafika masauzande ku Slimbridge pano ambiri amangothera ku Netherlands chifukwa kumeneko sikukuziziranso ngati kale. Bakha wa pochard akadali pa mndandanda wa osakidwa koma kuyambira 2015 ali m'gulu la mbalame zimene zili pachiopsezo padziko lonse, pintail nayenso akuchepa m'malo ena, ndiye pali kukambirana koti ena achotsedwe pa mndandandawo kapena sizoni yawo ifupikitsidwe, ndipo makalabu ena anayamba kale kuuza mamembala awo kuti pochard asamamuombere olo lamulo likuloleza.